Mphika wa madzi otentha pofulula mowa

Anthu akamayamikira mayi wofulula masese amatchula chimera chabwino ndi dzanja lodziwa kutakasa phala, koma amaiwala mphika wa madzi otentha umene iye amatereka pambali. Luso lake limayambira pamenepo. Phala la chimanga likauma limasiya nkhoko mumgolo, m'mbiya ndi pasefa, ndipo potsuka, madzi ozizira amangodutsa pamwamba. M'nkhokozi mumabisala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timasasitsa mowa mpaka kukhala ngati viniga. Katswiri wa sayansi Louis Pasteur anafotokoza za tizilombo towononga mowa m'buku lake la mu 1876, koma ofulula akumudzi lilime linali litawauza kale kuti mgolo wotsuka mwaulesi umatulutsa mowa wothawitsa ogula. Madzi otentha amafewetsa nkhoko n'kupha tizilombo tambiri nthawi imodzi.

Ena amati nkhuni zakwera mtengo, ndiye kutenthetsa madzi otsukira n'kuwononga. Komatu madziwo amatentha ndi makala otsala pophika phala, pomwe mgolo umodzi ukasasa, chimanga, chimera ndi ntchito ya masiku angapo zapita. Mfundo yolemera ndi ya amene amati mbiya yakale ndiyo imawiritsa mowa, choncho kuitsuka kwambiri n'kupha mphamvu yake. Sakunama, chifukwa masese amafunadi kuwawasa pang'ono. Vuto n'lakuti nkhoko sizisankha: zimasunga tizilombo tabwino ndi toipa tomwe. Wofulula wochenjera amapatula mowa pang'ono umene unawira bwino kuti ayambitsire wotsatira, ndipo mbiya, mgolo ndi sefa amazikhuthulira madzi otentha asanaziyanike padzuwa.