Chilembo cha ŵ ndi Phunziro la Kompyuta

Ndondomeko ya maphunziro ya Zambia ya 2013 idaloŵetsa phunziro la kompyuta m'masukulu a sekondale, koma ife tikuona kuti idalakwitsa polisiyanitsa ndi maphunziro a zilankhulo. Titenge chilembo cha ŵ, chimene chimamveka m'Chitumbuka cha ku Kapichila, m'boma la Lundazi, m'mawu onga ŵana. Kompyuta imasunga chilembo chilichonse ngati nambala. ASCII, ya zizindikiro 128 zokha, idalibe malo a ŵ. Unicode ndiyo idachipatsa nambala 373. Mphunzitsi wa chilankhulo wosadziŵa zimenezi, akaona ŵ atasanduka kabokosi pakompyuta, amaganiza kuti cholakwa ndi chilembocho. Amachotsa kachizindikiro kapamwambako, ndipo ana amatengera kalembedwe komweko.