Korsten pachikuto, Mandevu m'kati

Buku la Clive Dillon-Malone, wansembe wa Chijezuiti amene ankaphunzitsa pa Yunivesite ya Zambia, linatuluka mu 1978 ndi mutu wakuti The Korsten Basketmakers. Likukamba za Apostoli a Johane Masowe, omwe ana ndi adzukulu awo timakumana nawo ku Marrapodi ndi ku Mandevu mu Lusaka: abambo a mpala ndi ndevu zazitali, amayi a zovala zoyera mbee.

Tiyambe ndi mutuwo. Korsten ndi komboni ya mumzinda wa ku South Africa umene panthawiyo unkatchedwa Port Elizabeth. Masowe sanabadwireko. Kwawo n'ku Gandanzara, m'dera la Makoni ku Zimbabwe, ndipo anayamba kulalikira mu 1932. Mpingo wake unakhazikika ku Korsten mu 1947, boma la South Africa n'kudzaupirikitsa mu 1962. Choncho wolemba, ali ku Lusaka konkuno, anawatchula anthuwa ndi dzina la malo amene anathamangitsidwako ndiponso ndi ntchito ya manja awo. Za chipembedzo anaziika m'kamutu kam'munsi.

Ine ndikuona kuti anakhoza. Kuluka madengu, kukhoma ndowa za malata, kupala matabwa: izi ndizo zinawapatsa mphamvu yokana kulembedwa ntchito kwa mzungu, ndi yomanga katundu n'kukayambiranso kwina. Munthu amene chuma chake chili m'zala sachedwa kusamuka. Bukulo limawalondola phazi ndi phazi, kuchokera ku Rhodesia, kutsikira kunyanja, kukwera ku Lusaka mpaka ku Nairobi. Masowe mwini anamwalirira ku Ndola mu 1973. Wolemba anagwiritsa ntchito makalata a boma la atsamunda pamodzi ndi maumboni a Apostoli eni ake. Kwa boma anali anthu ovuta, oyenera kuwayang'anitsitsa. Iwo ankadziona ngati otumidwa ndi Mulungu. Wowerenga amamva mbali zonse ziwiri.

Apa m'pamene ndimada nkhawa ndi zida za pa intaneti zimene ofufuza za kusamuka kwa anthu amagawana masiku ano. Migration Data Portal ya bungwe loona za kusamuka kwa anthu la IOM, yomwe inatsegulidwa mu 2017, ndi yothandiza ndithu; wophunzira wa ku Lusaka amapezapo ziwerengero osalipira. Koma ziwerengero zambiri zotere zimafunsa zinthu ziwiri: unabadwira dziko liti, ukukhala dziko liti. Agogo amene anabadwira ku Korsten, olankhula Chishona, okalambira ku Mandevu, adzalembedwa kuti ndi ochokera ku South Africa. Si bodza ayi. Koma Gandanzara wasowapo, kupirikitsidwa kwa mu 1962 kwasowapo, ndipo chimene chinkawayendetsa sichioneka.

Ofufuza akufunika nkhokwe imodzi ya pa intaneti, momwe makalata osungidwa ku Harare, ku Lusaka ndi ku South Africa angawerengedwe pamodzi, ndi mawu a okalamba ojambulidwa m'Chishona ndi m'Chinyanja. Okalambawo avomere kaye, ndipo akuluakulu a mpingo ku Mandevu akhale ndi ulamuliro wonena zimene zingatsegulidwe kwa aliyense ndi zimene zikhale za mpingo wokha.