Za Nyimbo Zimene Hugh Tracey Anajambula, ndi Kasungidwe ka Mau a Makolo

M'mamawa wa pa 18 December 2015 anthu a ku Katoto, pamodzi ndi mzinda wonse wa Mzuzu, anadzuka ndi mbiri yoipa, yakuti nyumba ya mabuku ya Yunivesite ya Mzuzu ku Luwinga yapsa. Mabuku okwana ngati 45,000 anasanduka phulusa. Pambuyo pake abwenzi a kuno ndi a kunja anasonkha mabuku ena, pakuti buku losindikizidwa lili ndi anzake ambiri m'maiko ena. Koma chilipo chuma china chimene chikapsa kapena kuola palibe angachisonkhe, ndicho mau a anthu ojambulidwa pa tepi, pa kaseti ndi pa kanema. Nkhalamba imene inaimba nyimbo kamodzi pamaso pa makina siidzaimbanso, ndipo tepi yake ikafa nyimboyo yafa nayo pamodzi.

Wophunzira uphunzitsi angafunse kuti nkhani ya matepi ikumkhudza bwanji iye, munthu wa choko ndi bolodi. Imkhudza chifukwa zilembo sizinena zonse za chinenero. Mau akuti "mtengo" wa m'thengo ndi "mtengo" wa pa msika alembedwa chimodzimodzi, koma pakamwa asiyana m'kakwezedwe ka liu. Momwemonso "ndimathandiza" anganene za chizolowezi cha masiku onse, kapena za ntchito imene inali kuchitika kanthawi kapitako, ndipo chowasiyanitsa ndi khutu lokha. Nthano yolembedwa m'buku ilibe kuyankha kwa ana, ilibe kuomba m'manja, ilibe kachetechete amene wokamba amasiya fisi asanatulukire. Zonsezi zisungika m'mau ojambulidwa basi. Tsono nkoyenera kuyesa ntchito ya amene anasunga mau otere, kuti pa zabwino zao ndi pa zolakwa zao papezeke phunziro.

Woyamba kumyesa ndiye Hugh Tracey, amene anabadwa mu 1903 namwalira mu 1977. Iye anayenda ndi makina ake m'maiko ambiri a mu Afrika, ndipo m'dziko lino, likali kutchedwa Nyasaland, anajambula nyimbo mu 1950, 1957 ndi 1958. Mu 1954 anakhazika nkhokwe ya nyimbo yotchedwa International Library of African Music ku Roodepoort, kufupi ndi Johannesburg, ndipo mu 1978 nkhokweyo inasamukira ku Rhodes University, mu mzinda umene lero utchedwa Makhanda. Nyimbo zake zinatuluka pa mbale zoposa 200 za mndandanda wa Sound of Africa. Pambuyo pake kampani ya SWP Records inasankhamo zina nizitulutsa pa zimbale zatsopano, ndipo chimodzi mwa izo chili ndi nyimbo za Atonga, Atumbuka ndi Achewa a kumpoto ndi pakati pa dziko lino.

Zoyamikira pa ntchitoyi nzazikulu, ndipo wozichepetsa achita chinyengo. Pa nthawi imene Azungu ambiri, ngakhale ophunzira ena a kuno komwe, anayesa nyimbo za m'midzi phokoso la anthu osapenya, Tracey anazitchera khutu monga ntchito ya amisiri. Anajambula bangwe ndi kalimba, anajambula amai akusinja pa mtondo, ndipo anagwira chojambulira mau m'dzanja lake nachisendeza kufupi ndi woimba aliyense kuti liu lake limveke bwino. Chinanso, analemba makadi onena za malo, chinenero, tsiku ndi dzina la nyimbo. Chifukwa cha makadiwo, pamene osunga nkhokweyo anasamutsira mau ake m'makompyuta m'zaka za m'ma 2000, anali kudziwa chimene anali kusamutsa. Akadapanda kutero, lero kukadakhala mulu wa mau okoma osadziwika mwini.

Koma zoperewera ziliponso, ndipo nzitatu. Choyamba, nyimbo zambiri zinafupikitsidwa kuti zikwane pa mbale ya galamafoni, imene inatenga mphindi ngati zitatu. Gule wa usiku wonse sangalowe m'mphindi zitatu. Chimene chinasungidwa ndi chidutswa, ndipo mphunzitsi wosadziwa ichi adzauza ana kuti makolo ao anaimba nyimbo zazifupi, pamene wofupikitsa anali makina. Chachiwiri, makadi aja analembedwa m'Chingerezi, ndipo kawirikawiri apereka tanthauzo mwachidule m'malo mwa mau onse a nyimbo. Tracey anadziwa Chikaranga cha ku Zimbabwe, koma pa Chitumbuka ndi Chitonga anadalira omasulira. Akale anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Nyimbo ya pa mtondo kawirikawiri ili ndi mnyozo wobisika wolunjika kwa mwamuna kapena apongozi, ndipo womasulira wofuna kulemekeza mlendo angathe kuusiya dala. Ndiponso pa nyimbo za m'magulu makadi ambiri angonena mtundu wa oimbawo, osatchula maina ao, kotero kuti mdzukulu sangathe kuloza liu nanena kuti awa ndi agogo ake. Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, mauwo anakagonera kutali. Kwa zaka zambiri wophunzira wa ku London anatha kumva nyimbo ya ku Nkhata Bay mosavuta koposa mwana wa ku Nkhata Bay komweko. Osunga nkhokweyo anazindikira chilema chimenechi nayamba kubweza nyimbo zina kwa eni ake, koma oimba ambiri anali atapita kale.

Ntchito yachiwiri yoyenera kuiika pambali pa ya Tracey ndi yosonkhanitsa nthano, imene inayamba mu 2012 mwa mgwirizano wa National Library Service, nthambi ya UNESCO ya m'dziko muno, Rei Foundation ya ku New Zealand ndi kampani ya Sony. Ojambula anali Amalawi, ndipo anajambula pa kanema okamba nthano m'zinenero zao. Pamenepa zina mwa zilema zija zinakonzeka, pakuti nkhope ya wokamba ioneka, manja ake aoneka, ndipo nthanozo zinakambidwanso kwa ana pa nyumba ya mabuku ya ku Lilongwe. Chotsalira nchakuti nthano yokambidwa masana pamaso pa makina siifanana ndi ya madzulo pa moto, pamene ana ayankha molimbika chifukwa palibe mlendo. Ichi sichichotsa ulemu wa ntchitoyo, koma wosunga ayenera kulemba poyera kuti nthano iyi inakambidwa chifukwa ojambula anapempha.

Kwa anthu a ku Katoto nkhaniyi ili ndi kulemera kwina. Mu 1968 Chichewa chinaikidwa kukhala chinenero cha fuko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Pa wailesi chinabwereranso mu 1994. Chotero tepi iliyonse ya zaka za pakatipo yokhala ndi kukamba kwa Chitumbuka, ngakhale ikhale kaseti ya ulaliki kapena ya ukwati yosungidwa m'sutukesi, ili ya mtengo wapatali, chifukwa zinzake nzochepa.

Tsono matepiwo sadikira munthu. Tepi ndi kansalu ka pulasitiki kopakidwa fumbi la chitsulo logwidwa ndi ulimbo, ndipo mauwo akhala m'fumbimo. Chinyontho chikalowa, ulimbo uja ufewa, tepi imamatirana, ndipo poiliza fumbi lisupuka pamodzi ndi mau. Ina ichita chuku, ina yakalekale inunkha ngati viniga, chimene chili chizindikiro chakuti yayamba kuola. Mzuzu ndi malo a mvula yambiri ndi nkhungu, kotero kabati ya matepi kuno ili pa ngozi koposa ya ku malo ouma. Makina olizira nawonso akutha, ndi amisiri ake omwe. Mu 2019 bungwe la UNESCO pamodzi ndi bungwe la osunga mau ndi kanema la IASA anachenjeza kuti pofika cha m'ma 2025 kuliza matepi otere kudzakhala kovuta ndithu.

Chifukwa chake woyang'anira ntchitoyi m'nyumba ya mabuku ayenera kukhala ndi dongosolo, pakuti ndalama sizikwana zonse nthawi imodzi. Ayambe ndi kaundula, adziwe chimene ali nacho. Atsogoze matepi amene alibe anzao kwina kulikonse ndi amene ayamba kuonongeka. Nyimbo zogulidwa m'sitolo zingadikire. Posamutsira m'kompyuta asadule kanthu, asakometse, angakhale kulira kwa tambala kapena chifuwa cha nkhalamba, pakuti chooneka ngati litsiro lero chingakhale umboni mawa. Fayilo yaikulu ya mtundu wa WAV ikhale ya mbeu, yosakhudzidwa, ndipo yaing'ono ya MP3 ikhale yodya, yopatsa ana ndi aphunzitsi. Mafayilowo akhale m'malo atatu, ndipo amodzi akhale kunja kwa mzinda, monga ku National Archives ku Zomba. Moto wa ku Luwinga uphunzitsa chifukwa chake. Aziwatsegula nthawi ndi nthawi kuona ngati akali amoyo, pakuti kompyuta nayo imafa, ndipo imafa osanunkha. Tepi yakaleyo asaitaye. Potsiriza apemphe chilolezo cha eni ake. Vimbuza ndi Gule Wamkulu, zimene UNESCO inazilemekeza mu 2005, zili ndi mbali zosayenera kuonetsedwa kwa aliyense, ndipo wovina vimbuza kawirikawiri ndi munthu wodwala wofuna kuchira, amene sanabwere kudzaonetsa masewera.

Koma ntchito imene inamkanika Tracey, ndiyo kulemba mau onse m'chinenero chao ndi kutchula eni ake, makina sangaichite, ndipo katswiri wochokera kunja sangaichite. Woitha ndi mphunzitsi. Iye amene adzatumidwa ku sukulu ya ku Katoto adzapeza ana olankhula Chitumbuka kwao naphunzira Chichewa m'kalasi, ndipo m'thumba mwake adzakhala ndi foni yotha kujambula mau bwino koposa makina ambiri akale. Akajambula nthano kwa agogo a mwana wina, alembe tsiku lomwelo dzina lao, mudzi wao, chinenero, tsiku, ndi amene anawaphunzitsa nthanoyo. Alembe mau onse monga anatulukira pakamwa, osawongola, ndipo kumasulira m'Chichewa kubwere pambuyo, pa tsamba lina. Akatero abwerere kwa agogowo nawawerengere, kuti akonze pamene khutu linaphonya. Kope limodzi lipite ku nyumba ya mabuku, lina litsale ndi banjalo, lina lilizidwe m'kalasi.

Tsono poweruza, ntchito ya Tracey ipambana pa kumveka kwa mau ndi pa kusamala kwa makadi, koma iperewera pa mau a nyimbo, pa maina a oimba ndi pa kubweza kwa eni ake. Muyeso womwewo ndiwo woyesera nao ntchito iliyonse yosamutsira matepi m'makompyuta, ndipo kuchuluka kwa mafayilo sikulowamo. Funso lake ndi lakuti: kodi mwana wa Sitandade 5 ku Katoto angathe kumva nyimboyo, kudziwa amene anaimba, ndi kuwerenga mau ake m'chinenero chimene inaimbidwira? Pamene yankho lili lakuti iai, ntchitoyo ikali pakati.