Kuwala m'zithunzi zodinda ndi matabwa za ku Japan

Chithunzi chodinda ndi matabwa cha ku Japan chinkadutsa m'manja mwa amisiri atatu. Wojambula ankachilemba papepala, wosema n'kuchigoba pamatabwa a mtengo wa cherry, mtundu uliwonse thabwa lakelake. Wodinda ankapaka utoto wamadzi pathabwa, kuyalapo pepala, n'kulitikita ndi kachipangizo kokutidwa ndi khungu la nsungwi kotchedwa baren.

Pantchito imeneyi kuwala sikuchokera mu utoto wochuluka. Mwezi kapena windo la nyumba yoyaka nyali ndi malo amene pepala lasiyidwa loyera, kapena lapakidwa kachikasu pang'ono, ndipo amawala chifukwa cha mdima wowazungulira. Mdimawo sulemera mofanana ponseponse. Wodinda amanyowetsa thabwa, kuthira utoto mbali imodzi, n'kuukoka ndi burashi mpaka uzimirire. Luso limeneli, lotchedwa bokashi, limabwerezedwa ndi dzanja papepala lililonse, n'chifukwa chake thambo la zithunzi ziwiri zochokera pathabwa limodzi silifanana ndendende.

Mu 1856 Utagawa Hiroshige anajambula msewu wa Saruwaka mumzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, usiku wa mwezi wathunthu. Aliyense woyenda mumsewumo ali ndi chithunzithunzi chake pansi, zomwe sizinali zofala m'zojambula za kumeneko, ndipo zithunzithunzizo ndi zimene zimaonetsa mphamvu ya mwezi. Kuyambira mu 1876 Kobayashi Kiyochika anajambula Tokyo wa nyali za gasi: anthu amangooneka mbuu, nkhope osadziwika, diso n'kuthamangira kunyali. Kawase Hasui, amene anamwalira mu 1957, anadziwika ndi misewu yonyowa ndi mvula, kuwala kwa m'masitolo kutagwera m'madzi a pansi.

Njira yomweyi ingamuthandize wojambula wa pa Mitundu kapena pa Nathenje. Olemba zikwangwani zamasitolo amapaka chilichonse mtundu wowala kuti malonda aonekere patali, koma chithunzi chotere sichinena nthawi. Chisisira cha pamsika chili ndi kuwala kwakekwake: moto wa pachiwaya cha tchipisi, matochi a ogulitsa tomato, magetsi a galimoto za mumsewu wa M1 akuboola fumbi la mu Okutobala. Wofuna kujambula zimenezi ayenera kusankha gwero limodzi la kuwala, kulisiya loyera, n'kumadetsa zina zonse pang'onopang'ono molingana ndi kutalikira kwake.