Kudyetsa nkhosa mosinthasintha malo: pomwe uphunguwu ukuphonya ku Nathenje

Njira yodyetsa ziweto m'zigawo, yomwe Allan Savory wa ku Zimbabwe anaitchukitsa, imati ziweto zidye pamalo amodzi masiku ochepa, kenako udzu upume. Mfundoyi ndi yoona. Vuto n'lakuti uphunguwu umabwera ndi mipanda ya waya, ngati kuti mlimi wa ku Nathenje ali ndi busa lakelake. Alibe. M'dzinja amamangirira nkhosa pachikhomo kuopa minda ya anzake. Akakolola, ziweto za mudzi wonse zimakhamukira kudambo. Udzu umene iye waupumitsa ng'ombe za mnzake zimaudya, wotsalawo umapsa ndi moto wa osaka mbewa.

Chimene mlimi ali nacho mphamvu ndi chikhomo chija, ndipo phindu lake lalikulu silili pa udzu, lili pa nyongolotsi. Mazira a Haemonchus, nyongolotsi yoyamwa magazi, amatuluka ndi ndowe, ndipo nthawi yamvula ana ake amakhala okonzeka kulowa m'nkhosa m'masiku 4 mpaka 7. Choncho chikhomo chizisuntha masiku 3 aliwonse, nkhosa isabwererepo masabata 5 asanathe. Pofika nthawiyo nyongolotsi zambiri zafa, udzu waphukira. Nkhosa ikayera mkati mwa chikope, imwetseni mankhwala, musadikire.

Za kudambo, alangizi yambirani kwa anyakwawa, chifukwa popanda lamulo la mudzi chigawo sichingapume. Ndipo mu Okutobala, udzu wopumitsa ukhala uti? Apa nkhosa imapulumuka ndi masangwi a mtedza osungidwa pamthunzi ndi masamba a lukina.