Mwini Soche, Mwini Mvula

Lira, ng'oma! Amve a ku Limbe, amve a ku Bangwe, amve a ku Ndirande ndi ku Chirimba, pakuti tikutchula maina a Mwini.

Chauta! Namalenga! Mphambe wong'anima pamwamba pa Michiru! Inu amene munaimika Soche, Ndirande ndi Mpingwe Kapeni asanamange mudzi, amishoni a ku Scotland asanatule katundu pano mu 1876. Mwini Mudi, Mwini Naperi, Mwini Likhubula. Wosapempha-chilolezo. Wosaitanidwa-kubwalo. Mfumu yosalongedwa ndi munthu, yosachotsedwa ndi voti. Mtambo sudutsa pa Chichiri Inu osauwerenga, mpheta siigwa pa Wenela Inu osaiona.

Ndiye poti ndinu Mwini, tabwera ndi maliro athu pakhomo panu. Nanga tikawatule kwa yani?

Munamuona namondwe Freddy akubadwa kutali, kufupi ndi Australia, mu Febuluwale 2023. Munamuona akuwoloka nyanja yonse, akukantha Madagascar, akukantha Mozambique, akubwerera kunyanja kukatunga mphamvu, kenako ulendo wa kuno. Anayenda masabata oposa 5, ndipo tsiku lililonse linali m'dzanja lanu. Wogwira-mphepo-pakhosi, bwanji simunamugwire?

Usiku wa pa 12 kuchera pa 13 Malichi, phiri la Soche linang'ambika. Akuluakulu anati ndi Napolo, yemwe uja anadutsa ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Matope, madzi ndi miyala yaikulu ngati nyumba zinatsikira pa Chilobwe ndi pa Manja anthu ali m'tulo. Kutacha, amoyo anakumba ndi makasu, ndi mafosholo, ndi zala zawo, akuitana maina a ana awo m'matope osayankha. Ku Queens nyumba ya chisoni inachepa. Makalasi a sukulu anasanduka pogona, amayi ndi makanda pasimenti yozizira. Mabokosi anandandalikidwa pabwalo ku Chilobwe, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza masiku 14 a kulira, ndipo m'dziko lonse akufa ndi osowa anaposa 1,000. Ena mpaka lero alibe manda. Kolera nayo inali isanatisiye.

Landirani tsono maina ena, a pakamwa powawa. Wokhala-chete-usiku-wa-matope. Wogona-m'ngalawa-mafunde-akukula. Wochedwa-ku-Betaniya, amene munafika Lazaro atagona kale masiku 4 m'manda. Sitikunyozani, Ambuye. Yobu anakufunsani atakhala paphulusa, Habakuku anakufunsani, Yeremiya analirira mzinda wake mpaka mawu kusasa, ndipo madandaulo awo simunawafufute m'Buku Lopatulika. Munawasunga, kuti ife a ku Chilobwe tidzapeze polirira.

Alipo amene anati ndi chilango. Anati a kuphiri anachimwa. Ng'oma iyi ikukana! Abwenzi a Yobu analankhula zotero, Inu munawadzudzula. Nsanja ya ku Siloamu itagwera anthu 18, Mwana wanu anakana kuti iwo anali oipa kuposa anzawo a mu Yerusalemu. A ku Namiwawa, a ku Nyambadwe ndi a ku Sunnyside sanadzuke amoyo chifukwa cha kuyera mtima. Anagona pa nthaka yolimba, m'nyumba za maziko ozama. Amene anakwera phiri anakwera chifukwa lendi ya kunsi inawakanika: mlonda wa pasitolo ku Limbe, mayi wa mandasi pa Ginnery Corner, mnyamata wa maganyu.

Zathu sitikubisa, Woona-mseri. Mitengo ya pa Soche tinaidula ndife, tinaiotcha makala, tinaiotchera njerwa, phiri linatsala lamaliseche. Osauka tinawasiya amange m'njira ya madzi, tikuona. Nkhwangwa inali yathu. Koma mvula inali yanu, Mphambe, ndipo khanda la kumsana silinadulepo mtengo. Apa mpamene mutu wathu waima, ndipo apa mpamene tagwira mwendo wanu osausiya.

Pakuti tikukudziwaninso ndi dzina lina, loposa onse aja. Wolira-pamanda. Wopachikidwa-kunja-kwa-mzinda. Mfumu ya zipsera m'manja, imene inafuula pamtanda kuti yasiyidwa. Simunalamulire masautso muli chapatali. Munalowa nawo m'thupi, munalawa ludzu, munaikidwa m'manda a eni. Mulungu wina aliyense tikanamuthawa. Inu sitingakuthaweni, chifukwa maliro mumawadziwa.

Ndipo tinakuonani, Wobwera-wosaomba-m'manja. Tinakuonani mwa asilikali ndi a Red Cross amene analowa m'matope mpaka m'chiuno. Tinakuonani mwa anamwino osagona, mwa adzukulu amene anakumba manda mvula ikuwakhuthukira pamsana, mwa amayi a Mvano ndi amayi a Chikatolika atasenza ufa ndi zitenje, mwa Asilamu amene anabwera ndi chakudya osafunsa mpingo wa munthu. Mmphawi anagawana bulangete ndi mmphawi mnzake. Mabelu a St Michael and All Angels, tchalitchi chimene chaima chiyambire 1891, sanaleke kuitana. Ku Cathedral ya ku Limbe misa siinaime. Ngakhale m'makalasi a anthu othawa matope, nyimbo inatuluka pakhosi louma.

Leza! Mlerakhungwa, Msungi wa amasiye! Wowerenga-mafupa-osapezeka, amene mukudziwa mwala umene aliyense wagona pansi pake! Wodzutsa-akufa, amene Soche lidzakubwezerani onse amene linameza!

Imvani tsono, Mwini mvula. Novembala akafika, mitambo ikaunjikana pamwamba pa phiri, ana a ku Manja amanjenjemera ndi bingu loyamba. Ena anabwereranso kumtunda komwe kuja poti alibe kwina. Ikirani madzi malire. Gwedezani mitima ya ogawa malo kuti mmphawi apeze pomanga pachidikha. Limbitsani manja odzala mitengo pa Soche ndi pa Ndirande. Mayi amene sanaone mtembo wa mwana wake mumuyankhe nokha, chifukwa abusa athu mawu awathera. Yankhani, Chauta! Yankhani, Namalenga! Blantyre yense waima pakhomo panu, ndipo sitichoka.