Ng'oma ya a Hassan Fathy, Mmisiri wa Amphawi

Lira mbalule, lira! Gunda vomera, mpanje usagone! Amayi nthungululu, abambo m'manja, pakuti lero tikutamanda a Hassan Fathy a ku Egypt.

Ndinu Mwana wa Nile, wobadwira ku Alexandria mu 1900. Ndinu Kapondamatope: munatsiriza maphunziro a zomangamanga ku Cairo mu 1926, ndipo anzanu akuthamangira simenti ndi zitsulo, inu munawerama n'kutapa dothi lomwe alimi amapondapo. Ndinu Mchotsamanyazi, amene munauza wosauka kuti nyumba ya zidina si chitonzo. Lira ng'oma!

Ndinu Mphunzitsi wa Aphunzitsi. Mu 1930 munayamba kuphunzitsa pa sukulu ya zaluso ku Cairo, ndipo patapita zaka munadzatsogolera gawo la zomangamanga pomwepo. Ophunzira anu munkawauza kuti ayambe afunsa kumene dzuwa limalasa, kumene mphepo imachokera ndi mmene banja limakhalira, pensulo isanakhudze pepala. Vomerani, anyamata!

Ndinu Msanyozamkulu. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itasowetsa matabwa ndi zitsulo, munayesa kufolera nyumba ndi zidina ku Bahtim, madenga n'kugwa. Simunataye mtima. Munalunjika kummwera, ku Aswan, kukakhala pansi pa amisiri a ku Nubia, inu mwini digiri. Kumeneko munaona zodabwitsa: mmisiri akulemba uta ndi matope pakhoma la kumapeto, akutenga chidina chopepuka chosakaniza ndi mapesi, chokandidwa ndi zala kuti matope agwire, akuchitsamiritsa kukhomako. Mzere utsamira mzere unzake, mpaka denga latsekeka lokha, popanda mtanda, popanda phaso, popanda msomali. Mbalule, bwereza pamenepo!

Ndinu Mwitanamphepo. Pamwamba pa nyumba munkamanga chotchera mphepo choyang'ana kumpoto, mphepo n'kutsikira m'kati, kudutsa pa mitsuko ya madzi ndi makala onyowa, n'kufika pogona anthu itazizira ngati ya kudambo m'mamawa. Magetsi ayi, makina ayi, koma makoma ochindikala, bwalo pakati pa nyumba ndi mawindo a matabwa olukanalukana. Nthungululu, amayi!

Ndinu Chimangamudzi wa ku New Gourna, tsidya la Luxor. Boma litafuna kusamutsa anthu okhala pamwamba pa manda a mafumu akale, munayenda banja ndi banja, nyumba iliyonse n'kuijambula molingana ndi eni ake. Munamanga mzikiti, msika, sukulu ndi bwalo la zisudzo, zonse za dothi. Anthu ambiri anakana kusamuka, madzi anasefukira pamalopo, ntchito inaima mudzi usanathe. Ng'oma, tsika pang'ono, pakuti apa panawawa.

Koma ndinu Msafooka. Chilonda chimenecho munachisandutsa buku, lomwe linatuluka mu 1969, n'kutulukanso mu 1973 ndi dzina loti Architecture for the Poor, ndipo mpaka lero likuwerengedwa m'mayunivesite a m'maiko ambiri. Ndinu Mwolokanyanja: ku Athens munagwira ntchito ndi katswiri mnzanu, a Doxiadis, ku Abiquiu m'chigawo cha New Mexico munamanga mzikiti wa zidina ndi amisiri a ku Nubia. Mu 1980 munalandira mphoto ya Aga Khan ndi ya Right Livelihood. Mu 1989 munatsikira kuli chete ku Cairo, ophunzira anu atatenga kale chikombole. Kweza, gunda, kweza!

Kapondamatope! Mwitanamphepo! Msanyozamkulu! Chimangamudzi! Mmisiri wa Amphawi!

Tsono ng'oma itembenukire kwa ife. Kuno kwathu mapiri akusanduka dazi chifukwa cha nkhuni zootchera njerwa, thumba la simenti likukwera mtengo, ndipo nyumba za malata zikutiwotcha mu Okutobala. Inu ana athu amene mukuphunzira zojambula mapulani, werengani za mkulu ameneyu. Kwathu mvula ndi yambiri kuposa ku Egypt, choncho ganizirani za maziko okwera ndi khonde lotchinga khoma. Pitani kumudzi, mukakhale pansi ndi oumba zidina, mukawafunse, ndipo mumangire wosauka nyumba yoti aikwanitse ndi kuinyadira.